Cisumbu Kumene Mphepo Ilamulira Ndeke

Pakati pa nyanja ya mcere ya Atlantic, makilomita ngati 1,900 kucokera ku gombe la Angola, pali cisumbu ca mapiri cochedwa St Helena. Kale munthu anali kufikako pa combo cokha, masiku asanu kucokera ku Cape Town.

Malo osalala ndi osowa kumeneko, motero omanga bwalo la ndeke anayamba akwirira cigwa ca Dry Gut ndi miyala. Bwalolo lili pamwamba pa phompho, mamita 300 kucokera pa madzi. Litatha m'caka ca 2016, mphepo inakana. Imaomba matanthwe nibwerera mozungulira, nigwedeza ndeke pamene ifuna kutera. Ndeke za apaulendo zocokera ku Johannesburg zinayamba mu October 2017, koma ngakhale lero nkhungu ikatsika mlendo angayembekeze masiku angapo. Wanzeru amapita ndi ndalama zapadera.

Pozungulira bwalo mpouma gwaa, miyala yokhayokha. Koma ku phiri la Diana's Peak mitambo imanyowetsa nkhalango caka conse. Alendo amathamangira ku Longwood House, kumene Napoleon anamwalirira mu 1821, ndiponso kukakwera makwerero 699 a ku Jamestown, nchito yofuna maondo a mnyamata.

Ife tikadayambira ku cigwa ca Rupert's. Pokonza njira ya ku bwalo la ndeke, anafukulako mafupa a anthu 325, Aafirika olanditsidwa m'zombo za ukapolo amene anafera pa cisumbupo. Anawaikanso m'manda mwaulemu mu 2022.