Otembenuza Zikope za Ana Athu

Tili ana ku Chikwawa, mwana wa manthongo m'maso, ntchentche zitamuunjirira kunkhope, sankadabwitsa munthu. Amayi ena achikulire ankasunga kachitsulo kozulira nsidze zopindikira m'kati, zimene zinkakanda diso nthawi iliyonse munthu akaphethira. Akazula lero, posakhalitsa zameranso. Diso likayera n'kusiya kuona, tinkangoti ndi ukalamba, ena ankati walodzedwa. Dzina loti trachoma sitinkalidziwa.

Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti dziko la Malawi lagonjetsa matendawa, loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Anthu amayamikira mankhwala a azithromycin amene kampani ya Pfizer inapereka mwaulere, ndipo sakulakwa. Tinkaona alangizi a zaumoyo akuimika ana pandodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mlingo woyenera. Anthu amatchulanso maopaleshoni a zikope, mijigo ndi zimbudzi. Koma ine mtima wanga uli pa achinyamata amene anayenda mudzi ndi mudzi mankhwala asanafike, kumatembenuza chikope cha mwana, kuunika ndi magalasi okulitsa, n'kulemba mufoni zimene apeza. Akanapanda kuwerenga motere, akanadziwa ndani boma loyambira kugawa mankhwala?

Kale kafukufuku wotere ankabwera ndi alendo, zotsatira zake n'kukwera nawo ndege. Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, anasenza mtolo wolemera pa nthawi imene dziko linalibe ngakhale sukulu ya madokotala. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Kenako kunabwera anthu ngati Pulofesa Khumbo Kalua, amene anayambitsa bungwe la BICO ku Blantyre. Iye pochita maphunziro a PhD ku London School of Hygiene & Tropical Medicine anafufuza ngati anthu wamba a m'mudzi, ataphunzitsidwa, angathe kupeza ana osaona amene akungokhala m'nyumba. Funso lotere amalifunsa munthu wodziwa mudzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito sinathe. Ng'ala ikadatsekabe maso a agogo athu, pamene opaleshoni yake ndi yosakhalitsa. Matenda a shuga akuwononga maso mwakachetechete, glaucoma nayonso chimodzimodzi. Dokotala wachinyamata amene akuona zonsezi tsiku ndi tsiku ali ndi mafunso abwino, koma mzere wa odwala umamudyera tsiku lonse. Zimene akusowa si zazikulu ayi: mafuta a galimoto yopitira kumidzi, mkulu womuwongolera polemba, ndi miyezi ingapo yoti akhale pansi ndi manambala ake. Akazisowa, amasiya kafukufuku kapena amapita kunja.

Inu a boma, mayunivesite ndi mabungwe othandiza, pogawa ndalama za zaumoyo patulaniko kagawo ka ofufuza ongoyamba kumene, ndipo muwalole kusankha okha mafunso oti afufuze.