Chibonga Usiku, Khasu Masana

Aliyense woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu amadziŵa kuti pa Lizulu munthu angathe kugula kabichi ku Malaŵi, n'kuoloka mseu, nakamwa tiyi ku Mozambique. Malire a maiko aŵiriŵa ndi mseu womwewo. Ife a m'boma lino tidakula nawo malire ameneŵa. Adatibweretsera malonda, abale ndi maukwati, koma adatibweretseranso mfuti. Tikafuna kumvetsa chifukwa chimene mabanja ambiri amagonera khutu lili kukhola, tiyenera kuyambira pamenepo.

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'chaka cha 1986, anthu a ku Angónia ndi madera ena a Tete adakhamukira kuno, ana kumsana, mitolo pamutu. Dziko lathu lidasunga othaŵa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo ambiri mwa iwo adamanga zisakasa zao m'midzi ya Ntcheu ndi Dedza, pakati pa anthu olankhula chinenero chao chomwe. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, a bungwe la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira atagwira ntchito ya unkhoswe. Alendo athu adabwerera kwao, koma mfuti za nkhondoyo sizidabwerere zonse kwa eni ake. Zina zidaloŵa m'dziko muno kudzera m'tinjira ta m'malire, ndipo zaka zotsatira tidayamba kumva za magulu a achifwamba othyola magolosale ndi kutsekula makola usiku. Pa nthaŵi imeneyo n'kuti khomo lina litatsekeka kale: m'chaka cha 1988 udatha ulendo wa Theba wopita ku migodi ya ku South Africa, kumene azibambo athu ankapeza ndalama zogulira malata, njinga ndi ng'ombe. Mfuti zidachuluka pamene ntchito idasoŵa.

Timamva kaŵirikaŵiri kuti umphaŵi ndiwo umabala umbava. Mau ameneŵa ndi oona, koma umbava nawonso umabala umphaŵi. Kwa Mngoni ng'ombe si ndiwo chabe ayi: ndiyo imakoka ngolo, ndiyo imapereka manyowa a kumunda, ndiyo fizi ya mwana ndi chopepukira pa maliro. Munthu akaberedwa kaŵiri amagulitsa zotsalazo, khola n'kumera bonongwe. Amene ali ndi mbuzi amagona nazo m'nyumba pamodzi ndi ana. Chimanga chimakololedwa chisanaume poopa kuti ena atikololera, kenaka chimaolera m'matumba. Mwini golosale akathyoleredwa amasamukira pa boma, mchere ndi sopo n'kuyamba kulondoledwa mtunda wautali. Mbava imaba ng'ombe zitatu, koma mantha amene imasiya amalanda mudzi wonse mtima wofuna kuŵeta.

Midzi sidakhale manja lende. Kuyambira m'chaka cha 1997 apolisi adayamba kugwira ntchito limodzi ndi anthu pa chitetezo cha m'midzi, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa ntchitoyi m'malamulo a dziko. Pansi pa mafumu athu padabadwa makomiti a chitetezo. Amuna amagaŵana masiku, nayendera mudzi usiku ndi tochi, wezulo ndi chibonga. Mlendo wofika ndi katundu wokayikitsa amafunsidwa kumene achokera. Wogwidwa amaperekedwa ku polisi. Anthu ameneŵa ndi odzipereka. Amapirira chisanu cha Juni cha ku Tsangano, choloŵa mpaka m'mafupa, ena tonse tili m'bulangete. Ayenera kuthokozedwa ndithu, pakuti mbava imaopa mudzi wodzuka msanga.

Komabe chibonga chili ndi polekezera pake, ndipo chikapitirira pamenepo chimasanduka chigaŵenga china. Sitidaiŵale njala ya 2002, pamene m'madera ambiri a dziko lino anthu ogwidwa ndi chimanga chachiŵisi m'minda ya eni ake ankamenyedwa, ena kudulidwa makutu kapena zala, ena kuphedwa kumene. Mpaka lero timamva za woganiziridwa kuba amene wavekedwa tayala ndi kuotchedwa, anthu akuti ku polisi akangomtulutsa maŵa. Kudandaula kumeneku n'komveka, pakuti kumaŵaŵa kuona wokubera akuyendayenda pamsika mlandu usanathe. Koma belo si kutha kwa mlandu, ndipo milandu ina imafera m'njira chifukwa mboni sizidafike ku bwalo. Moto suzindikira wolakwa ndi wosalakwa. Ndiponso pootcha mbava, mudzi umaotchera pamodzi zonse zimene ikadaulula: amene adaituma, amene adaibwereka mfuti, amene adagula nyama. Moyo wa munthu, ngakhale wa mbava, mwini wake ndi Mulungu, ndipo ana oonerera moto wotere amaphunzira kuti magazi a munthu ndi otsika mtengo kuposa mbuzi. Akuluakulu a gulu lija amagona tulo tabwino usiku umenewo, maŵa lake n'kupeza mnyamata wina.

Nanga mnyamata winayo amachokera kuti? Achifwamba ochokera kutali sadziŵa khola la ng'ombe zonona, sadziŵa nyumba imene yagulitsa mbatata dzulo, sadziŵa pamene pali galu wolusa. Woŵalozera ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu, ndipo m'dziko lonse theka la anthu anali ana osafika zaka 18. Munda umene agogo ankalima okha lero agaŵana adzukulu. Mnyamata akasoŵa fizi ya ku sekondale amayesa kulima kachewere, koma onse amakumba nthaŵi imodzi, ndipo venda wobwera ndi galimoto ndiye amatchula mtengo wa thumba losokerera pamwamba. Ngati ndalama ya feteleza adaitenga pa katapila, phindu lapita asanakumbe n'komwe. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, idakonzedwera mabanja osaukitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, monga okalamba olera ana amasiye, ndipo mpake kutero. Koma mnyamata wa mphamvu zake, wopanda munda, wopanda mpamba, dzina lake mulibe m'kaundula ameneyo. Amene amamkumbukira ndi mkulu wa achifwamba.

Chida chothandizira mnyamata ameneyu chilipo kale m'midzi mwathu, ndipo chili m'manja mwa amai. Banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE lidayamba ndi amai a ku Niger m'chaka cha 1991, ndi yosavuta kumva. Anthu 15 kufikira 25 odziŵana bwino amasonkhana sabata ndi sabata, aliyense naponya masheya monga angathere. Ndalamazo amabwerekana pa chiongoladzanja chimene agwirizana okha. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo pakutha pa chaka amagaŵana zonse. Amaikanso padera kathumba ka pa matenda ndi maliro. Ndi ndalama zimenezi amai agula mbuzi, afolera nyumba ndi malata, alipirira ana sukulu. Koma taonani m'magulu ameneŵa: anyamata ndi oŵerengeka, poti amati mnyamata sachedwa kuthaŵa ndi ngongole. Motero yemwe uja mudzi wampatsa tochi kuti alondere usiku, masana umkaniza kangachepe koyambira geni ya tomato.

Apa ndipo pagona nkhani yathu, abale. Komiti ya chitetezo ndi gulu la banki m'khonde akulimbana ndi mdani mmodzi, choncho ayenera kukhalira pa mphasa imodzi. Bwanji anyamata olondera usiku atakhala ndi gulu laolao losunga ndalama, amai odziŵa kaŵerengedwe kake ataŵaphunzitsa, bambo kapena malume ataimira mnyamata aliyense pa ngongole yake yoyamba? Bwanji amfumu ataŵapatsa kadambo koti alimepo dimba m'chilimwe, nthaŵi imene manja amasoŵa chogwira? Makolo athu anali ndi chipereganyu: lero tilima kwanu, maŵa kwathu. Nzeru yomweyo ingatithandize kugulitsa kachewere pamodzi, pa sikelo, kuti venda asamatitole mmodzimmodzi. Wotuluka ku ndende nayenso afunika khasu ndi malo pa gulu, pakuti akapeza makomo onse otseka, lotsekuka likhala la anzake akale aja.

Chinanso chili m'manja mwa banja lililonse, ngakhale losauka. Mbava siiba chinthu chopanda wogula. Nyama yotsika mtengo yobwera m'mbandakucha, foni yopanda bokosi lake, zipangizo za njinga yamoto zogulitsidwa kuseri kwa msika, zonsezi zili ndi mwini wake amene akulira, mwina mkazi wa wakabaza amene adapezeka atakhapidwa m'mbali mwa mseu. Tisanatulutse ndalama, tifunse kuti mbuziyi yachokera m'khola la yani.

Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wa mphakati kapena pabwalo la amfumu mwezi uno, titatha kugaŵana masiku a ulonda, tisabalalike msanga. Titchule maina a anyamata a m'mudzi mwathu amene sali pa sukulu, alibe munda, alibe geni, ndipo pa dzina lililonse paimirire munthu wamkulu wonena kuti, uyu ndiyenda naye ine. Ntchito imeneyi ndi yochedwa, ndipo siimveka kutali ngati wezulo wa usiku, koma ndiyo idzabwezere ng'ombe m'makola mwathu.