Nkhokwe ya Njuci m'Caka ca Njala

M'dziko la England muli nyengo imene masamba a mitengo afiira ndi kuyoyoka pansi, ndiyo miyezi ya September, October ndi November. Dzuwa lifulumira kulowa, maluwa a m'minda afota, ndipo munthu ali yense adziwa kuti kutsogolo kuli miyezi ya cisanu coopsa, pamene madzi a m'zithaphwi auma gwa ngati mwala. Kwa anthu oweta njuci imeneyi ndiyo nyengo ya mlandu waukulu, ndipo mlanduwo ndi uwu: pa uci umene uli m'mng'oma, wa mwini mng'oma ndi uti, nanga wa njuci ndi uti? Caka ca dzinthu funso limeneli silibvuta, pakuti uci ukwanira onse. Koma caka cimene maluwa akana, munthu ayenera kusankha pakati pa mphika wace ndi moyo wa njuci zace.

Kuti mlanduwu umveke bwino, kuyenera kudziwa makhalidwe a njuci za m'maiko ozizira. Njuci za m'nkhalango za miombo, zimene anthu a ku Mwinilunga ndi ku Kabompo azipacikira ming'oma ya makungwa m'mitengo, zikaona njala kawirikawiri zingosamuka, kusiya mng'oma wopanda kanthu, ndi kukafuna dera lina kumene mitengo iri ndi maluwa. Njuci za ku England ziribe mwai wotere. Kulibe kothawira, popeza dziko lonse lizizira pamodzi, ndipo njuci imene yauluka kunja tsiku la cisanu ikongwa niigwa isanafike patali. Tsono kuzizira kukatsika kufika madigiri 14, zonse ziunjikana pa zisa ngati mpira, mfumukazi iri pakati. Za m'kati zinjenjemeretsa minofu imene ziulukira nayo, mapiko osagwedezeka, ndipo kunjenjemerako ndiko moto wao; za kunja zithinana ngati bulangeti kuti kufunda kusatuluke. Nkhuni za moto umenewu ndi uci. Mpirawo usendera pang'onopang'ono pa zisa, kudya uku ukukwera, ndipo tsiku limene uci watha moto uzima, banja lonse nkufa.

Cifukwa cace oweta njuci a kumeneko awerenga cuma ca m'mng'oma monga mlimi awerenga cimanga ca m'nkhokwe. Banja limodzi la njuci lisowa uci wokwana ngati mapaundi 40, ndiwo makilogalamu 18, kuti lifike ku maluwa a April. Felemu limodzi la m'bokosi la pansi, likadzala mbali zonse ziwiri, lisunga ngati mapaundi 5. Kotero mafelemu 8 odzala ndiwo moyo wa banjalo. Munthu wozolowera nchitoyi safuna sikelo. Aika dzanja kumbuyo kwa mng'oma naunyamula pang'ono: ukakhala ngati wakhomeredwa pansi, mtima wace ukhala pansi, ukanyamuka msanga, adziwa kuti m'nyumbamo muli njala.

Njuci nazonso zidziwa kuwerenga, ndipo kuwerenga kwace n'kopanda cisoni. Njuci zamphongo, zimene nchito yace ndi kukwata mfumukazi yatsopano basi, zidyetsedwa miyezi yonse ya maluwa; koma timadzi ta m'maluwa tikayamba kucepa, zanchito zizikokera kunja ndi kuzikaniza pakhomo kufikira zitafa. Mfumukazi icepetsa kuikira mazira. Ana amene aswedwa kuyambira kumapeto kwa August kufikira October asiyana ndi akulu ao: njuci ya m'nyengo ya maluwa ikhala moyo ngati milungu 6 yokha, pakuti itha ndi nchito, koma ya m'nyengo ino isunga mafuta m'thupi mwace, ndipo ikhoza kukhala miyezi 6. Njuci zimenezi ndizo zidzafunditsa mfumukazi cisanu conse, ndizonso zidzalera ana oyamba a caka camawa. Zikaleredwa ndi njala kapena ndi nthenda, banja lafa kale, ngakhale imfa yace idzaoneka m'February. M'mera mpoyamba.

Makolo a anthu a ku England anali ndi njira yao yoweruzira mlanduwu, ndipo inali yankhanza. Ming'oma yao inali madengu oluka ndi mapesi a tirigu, m'mene zisa zinamamatira, kotero kuti munthu sanathe kucotsa uci wosaononga nyumba. Tsono pakutha pa nyengo ya maluwa anayesa kulemera kwa madengu onse. Olemera koposa anawaika pa dzenje la utsi wa sulfure, napha njuci kuti atenge uci. Opepuka koposa anawapheranso pomwepo, poti njuci zace zikanafa ndi njala ndithu. Apakatikati okha ndiwo anawasunga akhale mbeu. Zinthu zinasintha pamene mbusa wina wa ku America, L. L. Langstroth, anazindikira m'caka ca 1851 kuti njuci zisiya mpata wina wake wosamatapo phula, woti zizipitamo. Pa nzeru imeneyo anapanga mng'oma wa mafelemu osololoka. Kuyambira pamenepo munthu akhoza kutenga uci wosapha njuci. Komanso kuyambira pamenepo akhoza kutenga wopitirira muyeso, njuci nkutsala zamoyo lero kuti zidzafe mawa.

Sikuti nyengo ino iribiretu maluwa. M'zitunda za Dartmoor, m'cigawo ca Devon, mumera kacitsamba kochedwa heather, kamene kacita maluwa m'August ndi September. Uci wace ndi wolimba ngati phala, wosatuluka m'zisa pokha poufinya. Mmonke wa ku Buckfast Abbey, Brother Adam, amene anabadwira ku Germany m'caka ca 1898 namwalira m'caka ca 1996, ankanyamulira ming'oma yace ku zitunda zimenezi caka ndi caka. Iye anayamba nchito ya njuci ali mnyamata, pa nthawi imene nthenda yochedwa ndi dzina la cisumbu ca Isle of Wight inali kupulula njuci za m'dzikomo. Pa ming'oma 46 ya amonkewo inatsala 16 yokha. M'caka ca 1925 anakhazika malo okwatitsira mafumukazi pa Sherberton, m'kati mwa zitunda zomwezo, ndipo mafumukazi atsopano ankawasiya kumeneko cisanu conse m'timing'oma tating'ono. Imene yapirira mphepo ya pa Dartmoor ndiyo anaiyesa yoyenera kuikhulupirira. Pambuyo pa heather patsala mtengo woyanga wochedwa ivy, umene ucita maluwa m'September ndi October. Koma uci wace uuma msanga m'zisa, ndipo njuci zisowa madzi kuti ziusungunule. Maluwa awiriwa athandiza, koma munthu wanzeru sawawerengera asanawaone m'mng'oma.

Caka ca 2012 cinaonetsa bwino cimene njala ya njuci iri. Cinayamba ndi cilala, kufikira makampani ena a madzi analetsa anthu kuthirira maluwa ndi mipope. Pamenepo mvula inayamba m'April, ndipo inakana kuleka. Mwezi wa April ndi wa June inaposa miyezi yonse ya maina omwewo m'zaka 100 zapitazo pa kucuruka kwa mvula. Maluwa analipo, koma mvula inatsuka timadzi tace, ndipo njuci zinabindikira m'nyumba masiku ambiri, zikudya cimene zinasunga. Akuluakulu a Boma oyang'anira njuci anacenjeza anthu kuti adyetse njuci zao pakati pa nyengo yeniyeni ya uci, cinthu cacilendo ndithu. Bungwe la British Beekeepers Association litafunsa mamembala ace, linapeza kuti mng'oma umodzi unapatsa uci wokwana ngati mapaundi 8, pamene caka cinzace unapatsa ngati mapaundi 30. Bvuto lina linali lobisika. Mfumukazi yatsopano ikwatiwa m'mlengalenga, tsiku la dzuwa lopanda mphepo. Masiku otere anasowa, ndipo mafumukazi ambiri sanakwatiwe mokwana, kotero kuti analephera nchito yao pakati pa cisanu, pamene kunalibe njira yopezera ina. Pamwamba pa zonsezi, mwezi wa March wa 2013 unazizira koposa March ali yense kuyambira 1962. Maluwa atabweranso, kunapezeka kuti pa ming'oma itatu iri yonse umodzi unali utafa.

M'caka cotere mwini njuci ayesedwa m'njira zitatu, ndipo yoyamba ndi umbombo. Munthu wagula mabokosi, walumidwa, watuluka thukuta, ndipo abale ndi anansi ayembekeza botolo lao la uci monga mwa caka ndi caka. M'bokosi la pamwamba muli mapaundi 10. Mtima umuuza kuti atenge, poti adzabweza ndi shuga. Zoonadi njuci zikhoza kupyola cisanu ndi madzi a shuga, ndipo anthu ambiri acita cotero. Koma kuti zisandutse madziwo akhale cakudya cosungika, ziyenera kugwira nchito yolemetsa, ndipo zimene zigwira nchitoyo ndi zomwe zija zofunika kusunga mphamvu zao kufikira March. Wowerenga bwino aona kuti ngati m'bokosi la pansi muli mapaundi 15 okha, ndipo pafunika 40, ngongole yace kwa njuci ndi mapaundi 25. Munthu wa ngongole sayamba ndi kutenga mapaundi 10 a amene amkongola.

Yesero laciwiri ndi cifundo conyenga. Pa ming'oma isanu pakhoza kukhala iwiri ya njuci zowerengeka, zosadzaza ngakhale mafelemu anai. Mwini safuna kutaya ngakhale umodzi, pakuti ciwerengero ca ming'oma ndico cimene anthu afunsana. Koma mpira waung'ono utaya kufunda msanga, monga munthu wogona yekha akongwa koposa ogona ambiri. Cifundo ceniceni ndico kucotsa mfumukazi yofooka ndi kuphatikiza mabanja awiriwo. Njira yace ndi yapafupi: bokosi limodzi aliika pamwamba pa linzace, pakati nayalapo pepala la nyuzi lobooledwa pang'ono. Pamene njuci zitha kutafuna pepalalo, fungo lao lasakanikirana, ndipo sizimenyana. Ayenera kuyamba watsimikiza kuti kufookako sikucokera ku nthenda, kuti angaphe banja labwino ndi lodwala.

Yesero lacitatu ndi kuzengereza, ndipo ili ndilo lipha ming'oma yambiri. Madzi a shuga a nyengo ino akhala okhuthala: mapaundi 2 a shuga woyera m'paini imodzi ya madzi. Shuga wofiira sayenera, pakuti atsegula njuci m'mimba. Njuci ziyenera kuumitsa madziwo ndi mapiko ao kufikira pa magawo asanu gawo la madzi litacepera limodzi, ndi kumata zisa ndi phula. Nchito imeneyi ifuna masiku ofunda. Cifukwa cace kudyetsa kuyenera kutha pofika kumapeto kwa September kapena kuciyambi kwa October. Wocedwa apatsa njuci madzi amene sizingathe kuumitsa, ndipo asasa m'zisa. Kudyetsako kucitike madzulo, kosataya ngakhale dontho, popeza m'caka ca njala njuci za mng'oma wamphamvu zikanunkhiza shuga zithira nkhondo mng'oma wofooka ndi kuulanda zonse tsiku limodzi.

Adani ena nawonso asankha nyengo yomweyi. Woopsa koposa ndi kacirombo kofiirira konga nkhupakupa, dzina lace varroa, kamene kanapezeka m'dziko la England koyamba m'caka ca 1992, m'cigawo comwe cija ca Devon. Kaswana m'zipinda za ana a njuci, kayamwa thupi lao, ndi kufalitsa nthenda yopunduza mapiko. Kacuruka koposa pa nthawi yomwe mfumukazi icepetsa mazira, kotero kuti tizirombo tambiri tigwera ana owerengeka, ndiwo aja oyembekezeka kusunga banja m'cisanu. Ndico cifukwa cace mankhwala aikidwa m'August, uci wa anthu utangocotsedwa, ndipo ambiri abwerezanso pakati pa cisanu pamene m'zisa mulibe ana. Mabvu alowa kudzaba uci, ndipo mankhwala ace ndi kucepetsa khomo kuti alonda owerengeka alitchinjirize. Mbewa ifuna malo ofunda, ndipo ikalowa pamene njuci zaunjikana iononga zisa. Pakhomo akhomapo kacitsulo ka mabowo opita njuci yokha. Denga likhale losadontha, ndi mwala pamwamba kuopa mkuntho, pakuti cinyezi cipha njuci koposa kuzizira.

Zonsezi zikatha, itsala nchito imene ibvuta anthu ambiri, ndiyo kusiya njuci zokha. Kutsegula mng'oma m'December cifukwa ca nkhawa ndiko kutaya kufunda kumene njuci zagula ndi uci. Munthu angoyendera malowo mphepo ikaomba, acotsa njuci zakufa zimene zatseka khomo, naika khutu pa thabwa kuti amve kulira kwapansipansi kwa mpira uja. Anyamulanso mng'oma pang'ono mwezi ndi mwezi. Njala yeniyeni ifika m'February ndi March, pamene mfumukazi yayambanso kuikira, ndipo pakati pa mpira payenera kufunda madigiri 35 cifukwa ca ana; pamenepo uci utha mofulumira, maluwa asanafike. Mng'oma ukapepuka, aika mtanda wa shuga wofewa pamwamba penipeni pa njuci, popeza m'kuzizira zikhoza kufa ndi njala cakudya ciri pafupi, zosatha kusiya mpira kuti zikacitenge.

Mlandu uja wa m'September uweruzidwa tsiku loyamba lofunda la March kapena April. Pa khomo la mng'oma wina pali zii, ndipo mwini akatsegula apeza njuci zitafa mitu iri m'zipinda zouma, m'mene zinali kufunafuna dontho lotsiriza. Pa khomo la wina njuci zituluka ndi kulowa, miyendo yao italemedwa ndi mungu wacikasu wa ku mitengo ya willow. Ndipo woweta njuci adziwa, ngakhale asanatsegule, kuti mfumukazi iri moyo ndi kuti m'katimo muli ana ofuna kudya.