Zaka zopanda dzina

M'Chichewa mulibe mawu amodzi otchulira zaka za munthu kuyambira 20 kufika 29. Achingerezi ali nawo, mpaka amalemba mabuku olangiza zochita nazo zakazo. Ife timati mwana, namwali, mtsikana, mayi, ntchembere, gogo, ndipo mawu onsewa sawerenga zaka. Amayang'ana zimene zakuchitikira: watha msinkhu, walangizidwa, walowa m'banja, wachembeza. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, choncho mawu akasowa mtima sukhala m'malo. Mwezi wamawa ndikwanitsa zaka 35, ndipo ndakhala ndikusakasaka dzina la zaka zanga khumi zimene zidayamba mu 2010 n'kutha mu 2019.

Pa pepala, 35 ndi malire enieni. Ndondomeko ya boma la Malawi imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35. Pangano la achinyamata limene mayiko a mu Africa adagwirizana ku Banjul mu 2006 limayambira pa 15, koma nalonso limathera pa 35. Malamulo aakulu a dziko lathu amati wofuna upulezidenti akhale atakwanitsa zaka zomwezo. Ndiye kuti chaka chimene ndikulowachi ndingathe kupempha ngongole ya achinyamata m'mawa, masana n'kukapereka kalata zoimira pa chisankho. Mawu akuti achinyamatawo ndawalemba kosawerengeka m'malipoti a mabungwe, ndipo nthawi zonse amandikumbutsa kuti tsinde lake ndi mnyamata. Atsikanafe tidangokweramo matola.

Ndikakumbukira zaka zimenezo, chimene chimabwera msanga ndi mizere. Mu 2011 magalimoto ankagona pa malo omwetsera mafuta, mitengo ya minibasi n'kumakwera tsiku lililonse. Koleji yathu idatsekedwa miyezi yambiri, tidangokhala kunyumba kumathandiza kutonola chimanga. Pa 20 ndi 21 Julaye chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 adaphedwa pa zionetsero, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, kwacha idagwa mwezi wotsatira, dola imodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250. Kenaka mu 2013 kudabwera Cashgate, mayiko otithandiza n'kuleka kuthira ndalama mu bajeti ya boma. Tidamaliza sukulu nthawi imeneyo, ndi madigiri m'maenvulopu akhaki, kumayenda ofesi ndi ofesi. Anzanga ena adatopa n'kukwera basi ya ku Joni. Awiri adabwerako mu 2015 pa mabasi amene boma lidatumiza, alendo atayamba kuthamangitsidwa ku Durban.

Ndalama yanga yoyamba idachokera ku tsoka la anthu ena. Madzi atasefukira ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe mu Januwale 2015, mabungwe adafuna womasulira mauthenga a kolera ndi a m'misasa. Ankandilipira powerenga mawu. Chichewa chimalumikiza mawu anayi a Chingerezi kukhala amodzi, ndiye ndidaphunzira msanga kuumirira kuti aziwerenga a mbali ya Chingerezi. Pali mawu ena amene palibe adandipempha kuti ndimasulire. Cashgate idalowa m'kamwa mwa agogo momwemo, chimodzimodzi Tipp-Ex mu 2019.

Koma kwathu ku Dedza kukula kwanga sadakuwerengere pa zimenezi. Tsiku lina mu 2016 amalume adandiimbira foni kundiuza za maliro a msuweni wawo. Sadauze amayi kuti andiuze, adaimbira ine mwini. Pa mwambowo, owerenga chipepeso adatchula dzina langa palokha, osati pansi pa la amayi. Kuyambira pamenepo foni yanga idasanduka nkhokwe ya mbumba yonse: fizi ya mlongo wanga, feteleza, thiransipoti ya wodwala wopita ku chipatala, malata a khitchini atasasuka ndi mphepo. Airtel Money ndi Mpamba zimadziwa mbiri ya zaka zanga kuposa buku lililonse limene ndikadalemba.

Ngakhale zili choncho, pa maliro pomwepo malo anga ndi kumadzi ndi kotsuka mbale, pamodzi ndi atsikana. M'nyumba ya siwa, pamene ntchembere zikukambirana zofunika, sindiitanidwa. Mwana wa amayi aang'ono, amene ndimamuposa zaka zisanu, adakwatiwa ali ndi zaka 19. Ali ndi ana atatu, amamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo anamkungwi akamalanga namwali iye amalowa. Ine wa digiri yachiwiri ndimatsala panja, kumasonkhezera moto.

Muyeso wa akuluakuluwo sindiunyoza. Uli ndi nzeru kuposa wa pa pepala, chifukwa umafunsa kuti ndani akudya chifukwa cha iwe, ndani angagone ndi njala utasowa. Chimene chimandipweteka n'chakuti funsolo amalifunsa mimba yokha. Ana atatu a m'banja mwathu adafika Folomu 4 ndi ndalama za mawu amene ndidamasulira usiku pa kandulo magetsi atazima. Mmodzi pano ndi namwino. Mawu otchulira mkazi wotere, amene walera osabereka, ndawafunafuna m'madikishonale ndi m'kamwa mwa okalamba. Amene ndawapeza ndi achipongwe okhaokha.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene Chingerezi sichingandinyamulire, pakuti kwa iwo iwe ndi inu ndi mawu amodzi. Azakhali anga adandilera kuyambira ndili wakhanda, adanditcha iwe zaka 28. Mu 2018 ndidapita kukawaona atatuluka m'chipatala, nditalipira mankhwala awo. Adandiyalira mphasa okha, n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, amayi?" Ndidacheuka kuona ngati pali wina kumbuyo kwanga. Kuchokera tsiku limenelo sadabwererenso ku iwe, ndipo nthawi zina ndimamusowa iwe wakaleyo, amene ankabwera ndi chimanga chootcha ndi kukalipira komwe.

Amalume okha mpaka lero amati iwe, ngakhale pamene akupempha ya feteleza.