Wophunzira Linux asamasiyidwe yekha

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ku Limbe. Zambiri zimene zimafika patebulo langa ndi malaputopu akaunjika, ma Dell Latitude, ma HP ndi ma ThinkPad amene anatumikira kale m'maofesi akunja asanafike kuno. Ina yathyoka mahinji, ina batire latupa, ina fani yatsekeka ndi fumbi. Zimenezi sizindisowetsa tulo, sikuludiraiva ndi kabulashi zimathana nazo. Gawo lolemera la ntchito yanga limayamba makina akachira, pamene mwini wake wakhala pampando n'kuyang'anizana ndi Linux koyamba.

Masiku ano ndikuika Linux kawirikawiri kuposa kale, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zotetezera zaulere za Windows 10. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ndipo malaputopu ambiri amene anthu anagula ndi ndalama zokhetsera thukuta alibe zimenezi. Makinawo ndi amoyo ndithu, kiyibodi ili bwino, sikirini ikuwala. Kuuza mphunzitsi wa kupulayimale kuti ataye laputopu yotere n'kugula ina, ine pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. Linux imayenda bwino pa makina okalamba, salipiritsa laisensi, ndipo ndi yololedwa kukopera ndi kugawana. Amene anaiyambitsa mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo inalumikizana ndi mapulogalamu a GNU amene Richard Stallman anayamba mu 1983. Malamulo ake onse amkati ali poyera: aliyense wodziwa angathe kuwawerenga, kuwasintha n'kupatsako anzake. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu phata lake ndi Linux yomweyo.

Koma sindinamiza munthu kuti n'zophweka. Amene amati Linux masiku ano mwana aliyense angaithe, amakhala ataiwala masiku awo oyamba.

Vuto limayamba munthu asanaike n'komwe. Windows ndi imodzi, pomwe Linux ili ndi mitundu yambirimbiri: Debian imene inayamba mu 1993, Ubuntu imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mu 2004, Linux Mint, Fedora, Arch ndi ina. Woyamba kumene akafunsa kuti yabwino ndi iti, aliyense amatamanda yake. Anyamata ambiri amafika akufuna Kali chifukwa anaiona m'mavidiyo a anthu othyola makompyuta. Ndimawakaniza. Kali anaipangira akatswiri oyesa chitetezo, si yolembera ntchito ya kusukulu. Kwa woyamba ndimaika Mint, ndipo makina akakhala ofooka ndimasankha Mint ya Xfce, chifukwa siidya RAM yambiri komanso batani la mndandanda wa mapulogalamu lili pansi kumanzere, pamene dzanja linazolowera kupita.

Kenako pamabwera zimene anzathu akunja saziwerengera n'komwe. Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3 GB, ya Ubuntu 24.04 imayandikira 6 GB. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku, imeneyo ndi ndalama ya ndiwo. Magetsi akathima kapena netiweki ikaduka pakati, nthawi zina amayambiranso. Akaipeza, ayenera kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu ngati Rufus, kenako adziwe batani louza makina kuti ayambire pa fulashiyo: F12 pa Dell, F9 pa HP, ndipo ayenera kulidina m'kamphindi kochepa makina akangoyaka. Akadutsa apo amakumana ndi funso loopsa kuposa onse, lofunsa ngati afufute disiki yonse kapena aike Linux pambali pa Windows. Funsoli lili m'Chingerezi, ndipo munthu wotopa amangodina kuti zipitirire. Anthu afikapo pashopu panga misozi ili m'maso, zithunzi za ukwati ndi za maliro a makolo zitapita. Ndiye lamulo langa silisintha: sindikhudza disiki ya munthu tisanakopere zinthu zake kwina, iye akuona ndi maso ake.

Palinso msampha wa Wi-Fi. Malaputopu ena akale ali ndi khadi la Broadcom limene siligwira mpaka utaika kapulogalamu kake koliyendetsa, ndipo kapulogalamuko kali pa intaneti. Kuti upeze intaneti ukufunika intaneti. Ine ndimangolumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kubwereka netiweki ya foniyo, mphindi zochepa zatheka. Woyamba kumene amene ali yekha kunyumba sangaganize zimenezi. Amangoona kuti chinthuchi n'chakufa, n'kubwerera ku Windows yake yakuba.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndimafuna muone bwinobwino, chifukwa kamandiphunzitsa zambiri za mtima wa wophunzira. Mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale, ankafuna kuika pulogalamu kudzera pa terminal, kawindo kakuda kaja kolembamo malamulo. Analemba bwinobwino sudo apt update monga ndinawauzira, makina n'kufunsa pasiwedi. Anayamba kulemba. Pasikirini sipanaoneke kalikonse, ngakhale kadontho kapena kanyenyezi. Anadinanso mwamphamvu, kenako anatembenuza laputopu kuyang'ana ngati kiyibodi yamasuka, n'kuchotsa manja onse awiri kuwaika pamiyendo.

"Achimwene, ndaononga. Sikulemba."

"Simunaononge, mayi. Ikulemba ndithu, koma ikubisa kuti wina woima kumbuyo kwanu asawerenge kuti zilembo zake ndi zingati. Lembani modekha, mukatha mudine Enter."

Anachita zomwezo, mizere yoyera inayamba kutsika, ndipo anapumira m'mwamba. Mayiwa amaphunzitsa masamu, mutu wawo ndi wakuthwa kuposa wanga. Chimene chinawaimitsa si kuchepa nzeru. Ndi chizolowezi cha makinawa chimene palibe paliponse pasikirini pamene chinalembedwa, ndipo mawu oyamba amene anatuluka pakamwa pawo anali odziimba mlandu. Ndaona zimenezi kwa anthu ambiri: Windows ikavuta amati kompyuta yavuta, Linux ikavuta amati ine ndine mbuli.

Zizolowezi zobisika zoterezi zilipo zambiri. Ku Linux kulibe C: kapena D:, zonse zimayambira pa kamzere kopendekera, ndipo zinthu zako zimakhala mu /home. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri zosiyana, moti Documents ndi documents si foda imodzi. Mu terminal, Ctrl ndi C sizikopera, zimaimitsa pulogalamu imene ikuyenda. Lamulo la rm likafufuta fayilo, siipita kubini koti ukaitolenso. Munthu amene wagwiritsa ntchito kompyuta zaka khumi amakhala ngati mayi wodziwa kuphika amene walowa m'khitchini ya eni ake: nsima amaitha, koma mthiko sakudziwa pamene uli, ndipo ufa uli m'chitini cholembedwa shuga. N'chifukwa chake ana amene sanagwirepo kompyuta amaphunzira Linux msanga kuposa akuluakulu a m'maofesi. Alibe choti aiwale.

Chimene chimabweza anthu ambiri si terminal, koma kalata. Wina walemba CV yake mu LibreOffice, yaoneka bwino, watumiza kwa bwana amene akutsegula ndi Word, ndipo mizere yasuntha, tebulo ladumphira tsamba lina. Nthawi zambiri gwero lake ndi zilembo: Calibri ndi ya Microsoft ndipo sibwera ndi Linux. Ndimaika Carlito, imene kukula kwake n'kofanana ndi Calibri, ndipo ndimaphunzitsa aliyense kutumiza PDF ngati kalatayo si yoti wina akasinthe. Mapulinta nawo ali ndi zawo. Ena amangogwira ukangolumikiza, ena amakudyera masana onse.

Tsono funso limene ndimadzifunsa ndi ili: kodi Windows inali yophweka? Ndimakumbukira anthu akulimbana ndi kudina mausi kawiri, akusunga kalata osadziwa kumene yapita. Anaphunzira chifukwa thandizo linali pafupi. Kusukulu anaphunzira pa Windows. Mnzawo wa muofesi amaidziwa, mwana wa aneba amaidziwa, mnyamata wa pa fotokope amaidziwa. Ukakakamira, umangotembenuka n'kufunsa. Wa Linux akatembenuka amapeza palibe munthu. Akafufuza pa intaneti, mayankho ali m'Chingerezi cha akatswiri, ena analembedwa zaka zambiri zapitazo za mtundu wina wa Linux, ndipo ambiri amangoti lemba lamulo ili, osafotokoza chimene likuchita. Munthu amakopera mzere umene sakuumva, n'kuupatsa mphamvu zonse za sudo, lamulo lolola kusintha chilichonse m'makina. Apa ndi pamene makina ambiri amafera. Kwa ine, kuvuta kwa Linux kwagona pa kusowa woyandikana naye wodziwa, osati pa makinawo.

Umboni ulipo kwathu konkuno. A Baobab Health Trust anaika m'zipatala za m'dziko muno timakompyuta togusa pasikirini toyendera Linux, tolembera odwala, ndipo makalaliki ndi anamwino anatigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ambiri sankadziwa n'komwe dzina la chimene chili mkatimo. Chinthucho chinakonzedwa molingana ndi ntchito yawo, ndipo panali anthu owaphunzitsa.

Ife amisiri tili ndi mbali yathu pa vutoli, ndipo zimandipweteka. Ena mwa ife timakonda kuonetsa luso. Kasitomala ali pompo, ife tatsegula terminal, zala zikuthamanga, zilembo zikutsika, mwini makina akungoyang'ana mwamantha. Akachoka amakhala atatsimikiza kuti chinthuchi si cha anthu ngati iye. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndimamuuza kuti, "Iwe, manja ako akhale kumbuyo. Mausi agwire mwini wake." Zimatenga nthawi yaitali, ndipo nthawiyo palibe amene amailipira, koma chimene munthu wachita ndi dzanja lake sachiiwala.

Kaphunzitsidwe kanga n'kosavuta kufotokoza. Poyamba sindiika kalikonse. Ndimayatsa Mint kuchokera pa fulashi, disiki osaikhudza, munthu ayesere Wi-Fi, mawu, kamera ndi pulinta yake. Akakhutira, m'pamene timaika. Masabata oyamba terminal sitiitsegula. Mapulogalamu amaika kudzera mu Software Manager, kungosankha n'kudina monga amachitira pafoni. Ndimatchera Timeshift kuti izisunga chithunzi cha makina ali bwino, ndipo ndimamuonetsa mmene angabwererere zinthu zikasokonekera. Munthu akadziwa kuti njira yobwerera ilipo, mantha amachepa ndipo amayamba kuyesa yekha. Terminal ikafika nthawi yake, timagula kope. Lamulo lililonse amalilemba ndi cholembera, pambali pake n'kulemba m'Chichewa chimene limachita. Lamulo limene sangathe kulifotokoza, asalilembe pamakina.

Si onse amene ndimawaikira. Wojambula zikwangwani amene chakudya chake chili pa CorelDRAW kapena Photoshop ndimamuuza mosabisa kuti akhale pa Windows. Pa Linux Inkscape ndi GIMP zilipo m'malo mwake ndipo n'zamphamvu, koma munthu amene ali ndi oda yofunika mawa alibe nthawi yophunzira zida zatsopano. Chimodzimodzi wowerengera ndalama amene pulogalamu ya kuntchito kwake imayenda pa Windows pokha. Koma wophunzira, mphunzitsi, m'busa, mayi wa bizinesi amene ntchito yake ndi makalata, intaneti ndi mavidiyo, ameneyo Linux imamukwanira, ndipo sabweranso mwezi ndi mwezi kudzachotsetsa mavairasi a m'mafulashi. Kwa ine zimenezi zimachepetsa ndalama yolowa, koma ndimakondwa ndikaona laputopu imene ikanatayidwa ikulemba mayeso a ana.

Inu amene muli ndi laputopu yakale ndipo mukuganiza zoyesa Linux, yesani ndithu, makina anuwo akadali ndi zaka zogwira ntchito. Koperani kaye zinthu zanu zonse kwina. Yeserani pa fulashi musanaike. Ndipo amene akukuikiraniyo mumufunse ngati adzayankhe foni yanu sabata yamawa mukadzakakamira. Akazengereza kuyankha, nyamulani laputopu yanu mukafune mmisiri wina.