Kwa mphwanga, za nkhope imene akazi ako akuiona

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti chibadwire mwana uja akazi ako sakudya, tulo sakuona, ndipo ukangokhala phee pakhonde amakufunsa kuti, "Kodi ndakulakwirani chiyani?" Ndamvanso kuti funsoli layamba kukupsetsa mtima. Chonde ugwire mtima.

Zimene akuchitazi zikufanana ndi matenda ovutika maganizo, amene amagwira amayi ambiri akangochira. Matendawa amasokoneza ngakhale mmene munthu amaonera nkhope za anzake. Nkhope ya munthu amene wangotopa, wodwala amaiona ngati yachisoni kapena yoipidwa naye, ndipo kamwetulira kakang'ono kamamudutsa osakaona. Mu 2006, ku America, Jutta Joormann ndi Ian Gotlib anaonetsa anthu pa kompyuta nkhope zosintha pang'onopang'ono mpaka kufika pomwetulira. Odwala matendawa ankadikira kuti kumwetulirako kukule kwambiri asanazindikire kuti munthuyo wakondwa. Ndiye akazi ako akamati wakwiya, sakukuputa dala. Akunena zimene akuonadi.

Uleke kutsutsana nawo kuti "nkhope yanga ndi yomweyi." Zimene zili mumtima mwako uzinene ndi pakamwa. Ukabwera kuntchito uziti, "Ndatopa ndi ntchito, koma iwe sunandilakwire." Akamalankhula ika foni pansi, uwayang'ane. Uwauzenso amayi ako zimenezi, chifukwa iwo akamaganiza amakwinya chipumi, ndipo mpongozi wawo akhoza kumayesa kuti sakumufuna pakhomopo.

Matendawa amachizika. Mu 2009, Catherine Harmer ndi anzake ku Oxford anapeza kuti odwala atamwa mankhwala kamodzi kokha, patapita maola ochepa ankazindikira bwino nkhope zachimwemwe, ngakhale mtima unali usanapepuke. Mtima umatsatira pakapita masabata, choncho akazi ako akapatsidwa mankhwala asawasiye msanga poganiza kuti sakugwira.

Tsiku la sikelo ya mwana upite nawo wekha, usatume mlongo wako. Mukafotokozere namwino zonse: za tulo, za chakudya, za kulira, ndi za funso lija. Muwauzenso kuti akuyamwitsa. Koma akangotchula zodzipweteka kapena kunena kuti moyo watopa nawo, usadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usawasiye okha m'nyumba.

Undiimbire mukabwerako.

Ndine malume ako