Teni kwacha pa Nyimba

Ndinakulira ku Matero, ndipo nchito yanga yoyamba ndinakaigwira pasukulu ina kufupi ndi boma la Petauke. Ndinapita ndi digiri komanso mtima woti ndikukaphunzitsa anthu akumudzi Cingerezi cabwino. Anandipatsa Giredi 3.

Ana amenewa kunyumba amalankhula Cinsenga. Kusukulu, malinga ndi ndondomeko imene inayamba mu 2014, anali ataphunzira kuwerenga m'Cinyanja, limodzi mwa zilankhulo 7 zimene boma linasankha. A, e, i, o, u ankazidziwa ngati zala zao. Tsopano inali nthawi yoyamba kuwerenga Cingerezi.

Ndinalemba pabolodi mawu atatu: bed, net, ten. Kalasi yonse inayankha mokweza: "Bedi, neti, teni!" Ndinati ayi, bwerezani. Anabwereza cimodzimodzi. Kwa milungu iwiri tinalimbana, ine ndikumenya desiki ndi rula.

Panali mtsikana wina wokhala kutsogolo, wacangu kukweza dzanja. Tsiku lina ndinamuitana kuti alembe cilembo E, koma ndinacichula ndi dzina lake la m'Cingerezi, limene limamveka ngati i wathu. Iye analemba i. Ndinamuuza pamaso pa anzake kuti walakwa. Anayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, koma mwanena i." Anzake anaseka. Kucokera tsiku limenelo dzanja lake silinakwerenso.

Kumapeto kwa mwezi ndinakwera basi yopita ku Lusaka. Aliyense amene anayendapo pa Great East Road amadziwa kuti pa Nyimba pamagulidwa nthoci. Amayi ena anakweza mbale pawindo akufuula, "Teni kwacha! Teni kwacha!" Ndinawapatsa ndalama osawakonza kalankhulidwe. Basi itanyamuka, mawuwo anapitiriza kulira m'mutu mwanga. E wa mu teni ndi yemweyo amene ndinkamufuna mu ten. Anawo anali naye kale, mu ndege, mu mwezi, mu pensulo. Cimene cinkawavuta ndi kumaliza mawu ndi d kapena t, cifukwa m'Cinyanja ndi m'Cinsenga mawu amathera ndi a, e, i, o kapena u. Ndipo pa cilembo cija, wolakwa ndinali ine.

Nditabwerera ndinaleka kuchula maina a zilembo, n'kumangochula mamvekedwe ake. Ndinalemba bedi, neti, teni, belu, mawu ao enieni, ndipo anawerenga mosavuta. Kenaka ndinaphimba i womaliza ndi cikhatho. "Tiyeni tidule mcira," ndinatero. Anaseka, nayesa kutseka pakamwa msanga. Ena anakhoza tsiku lomwelo, ena patapita mlungu. Pambuyo pake tinalowa m'mawu amene alibe m'bale m'cilankhulo cathu: hen, leg, red, wet.

Mtsikana uja ndinamupepesa pamaso pa kalasi, pomwe ndinamucititsira manyazi. Sanayankhe kanthu. Patapita masiku atatu ndinalemba hen pabolodi, ndipo dzanja lake linakwera pang'ono, kufika paphewa cabe. Anawerenga bwinobwino, opanda mcira.

Lero ndimaphunzitsa mu Lusaka, ndipo ana a m'makomboni nawonso amati bedi. Inu amene muli ndi ang'ono anu kunyumba, mukawamva akutero musawaseke. Lembani bedi papepala, muwabwereke cala cophimbira i.